Kabotolo ka M'sokosi

Mwandida anabwera nako m'sokosi,
kabotolo kobiriwira ngati ntchentche ya pabutchala,
nakatulutsa pakhonde pano pa Lizulu, mu Juni,
chifunga chitameza phiri ndi malole a kabichi omwe.

Anati, "Amayi, uwu wachokera kwa mdala ndimamusambitsa uja ku Jeremani.
Akuti kwawoko amamwa akatha kudya,
kasipuni kamodzi, osati chikho chanu chija."

Ndinaseka.
Ine Nangozo, zaka makumi atatu ndikutcheza kachasu,
wodziwa mutu pongoununkhiza,
ine amene ndinalipira fizi yako ndi madeya ndi shuga,
andiphunzitse kamwedwe munthu wolephera kudzitsuka msana?

Ndinathira m'kachitsekero kake.
Unatuluka mwaulesi, wakuda ngati madzi a fodya.
Fungo linatsogola:
mpungabwi utapondedwa ndi ng'ombe,
makoko a malalanje oiwalika pambaula,
ndi kena kake ka m'chipatala cha asisitere.

Ndinamwa.
Unayamba ndi bodza, kutsekemera ngati wofunsira mbeta,
kenako khaa! pakhosi,
ndulu ya mbuzi, nimu, luni wophika mwana.
Nkhope yanga inachita makwinya ngati mbatata yotsala pamsika.
Mwandida anagwa nako kuseka.
Ndikanalavula, koma salavula mphatso mwini akuona.

Ndiye ndinakhala duu.
Kuwawa kuja sikunachite ngati kwa mowa wanga,
kongokuwomba mbama n'kuthawa.
Uku kunavula nsapato, kunakhala pansi,
n'kuyamba kutchula abale ake mmodzimmodzi:
muzu, khungwa, kanjere,
tsamba lina losamera kuno,
uku kamoto kakutsetsereka pang'onopang'ono
kukasonkha makala kunsi kwa nthiti.

Ndinati, wophika mowa uwu ndi mnzanga.
Chilankhulo chake sindingachimve, koma dzanja ndalimva.
Ameneyu anadikira.
Sanali ndi ngongole ya shuga kugolosale ya Kachale,
analibe amuna pabenchi owerenga madontho a papaipi.
Anadziwa kuti chowawa sachikwirira chonse,
amachisiyira kakhomo koti chilankhulirepo.

"Thirani mu fanta, amayi, achinyamata amatero."
Ndinakana.
Wina anakumba mizu nthaka itauma ndi chisanu,
ine ndiimize m'madzi a ana?
Ndinathiranso kachitsekero kachiwiri.
Ulendo uno nkhope sinakwinyike,
lilime linali litadziwa kale njira.

Tinakhala, mphepo ya ku Mozambiki ikudumpha msewu osapempha.
Ndinayang'ana manja a mwana wanga,
osalala, onunkhira sopo wa eni,
manja odziwa kutembenuza nkhalamba pabedi osaipweteka.
Ndinasisita bondo langa lija limatupa mu Juni.
Sindinanene kanthu.
Iyenso analiona, sananene kanthu.

Choncho mdala iwe, wandibwereka mwana
n'kundilipira mizu.
Koma sunandiname, apo pokha ndakulemekeza.
Ukananditumizira masuwiti ndikanakutukwana.
Wasankha chakumwa chofanana ndi nkhani yathu,
chotsekemera poyamba ngati ndalama ya pafoni,
chowawa pakati,
chofunda pamapeto, ngati munthu wapirira.

Lachiwiri, basi isanafike,
ndinatsuka kabotolo ka mankhwala a chifuwa,
ndinadzazamo mutu weniweni, woyaka ukayandikiza machesi,
ndinaponyamo kamuzu kamene sindiuza munthu dzina lake,
n'kukalowetsa m'sokosi momwe muja.
Ndinati, "Ukampatse. Kasipuni kamodzi.
Asamayese kuti zowawa amazidziwa yekha."

Kobiriwira kaja kali kuseri kwa chitini cha mchere.
Makasitomala sakadziwa.
Madzulo, moto wa pamtsuko ukazima,
ndimanyowetsa lilime lokha,
n'kukaloza kunyali kuona pamene pafika mzere.
Mwandida anati adzabweranso zaka ziwiri zikatha.
Ndayesa ndi chala.
Ndikamadumpha Lamulungu ndi masiku amaliro,
mwina kandifikitsa.